Tiyeni Tidzipereke Kuphunzitsa Masikauti Kuyendetsa Bwato

Dziko lathu la Zambia lilibe nyanja ya mcere, koma madzi tili nao ambiri. Tili ndi nyanja za Kariba, Bangweulu, Mweru ndi Tanganyika, komanso mitsinje ikuluikulu monga Zambezi, Kafue ndi Luangwa. Ana athu ambiri amakwera bwato popita kusukulu, kucipatala kapena kumisonkhano ya acinyamata. Komabe ndi ocepa amene anaphunzitsidwa zoyenera kucita bwato likayamba kulowa madzi.

Sitinaiwale zimene zinacitika pa 24 October 2014. Tsiku limene dziko linali kukondwerera zaka 50 za ufulu, bwato linagubuduka pa nyanja ya Kariba m'boma la Gwembe. Anthu oposa 20 anamira, ndipo ambiri anali ana asukulu amene anali kupita kucikondwerero. N'cifukwa cake tifuna kufotokoza nchito imene ena mwa ife angathe kuigwira: kuphunzitsa masikauti luso la pamadzi.

Gulu la masikauti linayamba m'caka ca 1907, pamene Robert Baden-Powell anasonkhanitsa anyamata 20 pa cilumba ca Brownsea ku England. Patangopita zaka zocepa panabadwa nthambi ya masikauti a pamadzi, ndipo mkulu wake, Warington Baden-Powell, anawalembera buku mu 1912. Kuno kwathu gululi limatsogoleredwa ndi bungwe la Zambia Scouts Association. Kulikonse nchitoyi imayenda cifukwa ca akuluakulu odzipereka popanda malipiro.

Kodi wodzipereka amaphunzitsa ciani? Coyamba si kupalasa ai, koma kudziteteza. Mwana aliyense abvale jekete yoyandamitsa yomukwana bwino, ndipo aimange asanaponde m'bwato. Aphunzire kusambira ndi kuyandama cagada. Adziwe kuti bwato lili ndi malire a anthu ndi katundu, ndipo kukhala pansi pakati kumalithandiza kuti lisapendeke. Likagubuduka koma likali kuyandama, agwiritse bwatolo m'malo mothamangira kusambira kupita kumtunda, pakuti pamadzi mtunda umaoneka pafupi pamene uli kutali. Mnzake akagwera m'madzi, amutambasulire nkhafi kapena amuponyere cingwe kapena cigubu cotsekedwa bwino. Asalumphiremo, cifukwa munthu womira amagwira mwamphamvu aliyense amene wamuyandikira, ndipo onse awiri angamire.

Zikatero timafika pa luso lenileni: kugwira nkhafi, kupalasa mogwirizana, kumanga mfundo zosamasuka, kuponya nangula ndi kukoceza bwino padooko. Kumene kuli boti la thanga, ana amaphunzira cinthu cimene cimadabwitsa ngakhale akulu. Boti silingalunjike kumene mphepo icokera, koma likhoza kuyenda mopendekera pafupifupi madigiri 45 kucokera komweko. Tsono woyendetsa amakhotera uku ndi uku mpaka afike kumene afuna. Thabwa lolowa m'madzi pansi pa boti limaletsa kuti mphepo isalikankhire cammbali, ndipo ciongolero cakumbuyo ndico cimalikhotetsa. Mwana amene wamvetsa zimenezi waphunziranso kudekha ndi kumvera anzake, pakuti m'boti munthu mmodzi wosamvera amaika onse pangozi.

Madzi athu alinso ndi zoopsa zake. Muli ng'ona ndi mvuu, ndipo m'madzi osayenda a m'mbali muli nkhono zofalitsa likodzo. Pa Kariba, nyanja imene inapangidwa pomanga damu lomwe linatha mu 1959, mukali mitengo youma imene ingaboole boti. Mphepo nayo imasintha mwadzidzidzi. Apa ndiye asodzi a m'mipingo yathu ya ku Siavonga, Samfya, Nchelenge ndi Mpulungu ali ndi cuma cimene sicipezeka m'mabuku. Iwo amadziwa kuwerenga mitambo ndi mafunde, ndiponso malo amene mvuu zimakonda.

Mwina wina anganene kuti, ine sindinagwirepo nkhafi. Nchito ilipo ya aliyense. Pafunika woyang'anira ali pamtunda, wowerenga ana pokwera ndi potsika, kalipentala wokonza mabwato, namwino wophunzitsa cithandizo coyamba, ndi amai kapena atate otsagana ndi ana. Bungwe la Zambia Red Cross Society limaphunzitsa cithandizo coyamba, ndipo tilimbikitsa wodzipereka aliyense kuphunzira zimenezi.

Pali malamulo amene sitiyenera kuwaphwanya. Makolo abvomereze mwana asanapite kumadzi. Wamkulu asakhale yekha ndi mwana, koma pazikhala akulu awiri nthawi zonse, ndipo pamene pali atsikana pakhalenso mai. Mowa usayandikire bwato. Nyengo ikaipa, ulendo uimitsidwe, ngakhale ana adandaule. Mtsogoleri amene abweza ana kunyumba cifukwa ca mphepo wawaphunzitsa phunziro lalikulu kuposa onse.

Ngati mtima wanu wakhudzidwa, kambiranani ndi akulu a mpingo wanu ndi atsogoleri a acinyamata, kenaka muonane ndi atsogoleri a masikauti a m'dera lanu kuti akuuzeni za kulembetsa ndi maphunziro. Ngakhale Ciweru cimodzi pamwezi cingathandize. Mwana amene timuphunzitsa lero kumanga jekete ndi kuponya cingwe, mawa angapulumutse bwato lodzaza ndi abale athu.