Nyumba Zokokedwa ndi Galimoto ku America

Kodi inu owerenga munamvapo za nyumba yomangidwira m'fakitale, nikokedwa ndi galimoto kunka nayo pamalo pake? Ku United States zilipo zambiri ndithu, ndipo anthu pafupifupi 20 miliyoni amagona m'menemo, pakuti mtengo wake ngwotsika kopambana nyumba yomangidwa pamalo pomwepo.

Tsono alipo ena oyamba kumene malonda amene amagula nyumba yotere yakale, nakonza denga ndi mipope, naikamo banja lolipira lendi, kapena kuigulitsa pang'onopang'ono. Phindu lilipo, koma tamverani pamene pagona ngozi.

Choyamba, kawirikawiri nthaka imene nyumbayo yakhalapo njamwini wina, ndipo mwezi ndi mwezi afuna lendi ya malo ake. Akakweza lendiyo kuthawa nkovuta, popeza kusamutsa nyumbayo kumadya madola zikwi zingapo.

Chachiwiri, malamulo a Boma a kamangidwe ka nyumbazi anayamba kugwira ntchito pa 15 June 1976. Yomangidwa tsikulo lisanafike, mabanki ambiri safuna kukongoza ndalama zoigulira.

Chachitatu, nyumba yopanda nthaka yakeyake kawirikawiri imatsika mtengo monga galimoto. Ndiponso olemera alimo kale m'malondawa: mu 2003 kampani ya Warren Buffett, Berkshire Hathaway, inagula Clayton Homes yomanga nyumba zimenezi.

Chotero inu amene muli ndi mwana kapena mbale ku America woganiza za malonda amenewa, muuzeni ayambe wafunsa mwini nthaka ndani, lendi njotani, ndi chaka chimene nyumbayo inamangidwa. Safunsa anadya phula.