Mmene Zikalata Zimasamutsidwira ku Pulinta Ina pa Netiweki

M'maofesi momwe makompyuta ndi olumikizana pa netiweki, chikalata chimene munthu walamula kuti chisindikizidwe sichipita mwachindunji ku pulinta, koma chimayamba chasungidwa ngati fayilo pa kompyuta yakeyo kapena pa seva, imene ndi kompyuta yotumikira makompyuta ena. Pulogalamu yotchedwa spooler ndiyo imalandira mafayilowa, kuwapatsa manambala ndi kuwandandalika pamzere, kenaka n'kumawatumiza ku pulinta motsatizana. Kudikira kumeneku ndiko kumachititsa kuti pulinta ikatha inki, kapena pepala likakodwa m'kati mwake, zikalata zotsala zithe kusamutsidwira ku pulinta ina, monga momwe matumba a chimanga amanyamulidwira kupita kuchigayo china chapafupi chigayo choyamba chikafa.

Pa makompyuta oyendera Linux ndi macOS, ntchitoyi ili m'manja mwa pulogalamu ya CUPS, imene Michael Sweet anaitulutsa mu 1999 ndipo kampani ya Apple inaigula mu 2007. Woyang'anira netiweki amaona zimene zili pamzere pogwiritsa ntchito lamulo la lpstat, ndipo akalemba lamulo la lpmove, n'kuwonjezera nambala ya chikalata ndi dzina la pulinta yatsopano, chikalata chimodzicho chimasamuka zinzake n'kutsala. Akalemba dzina la pulinta yowonongekayo m'malo mwa nambala, mzere wonse umasamuka nthawi imodzi. CUPS imalolanso kuika mapulinta angapo m'gulu limodzi, kotero kuti chikalata chotumizidwa ku gululo chimatulukira pa pulinta imene ilibe ntchito panthawiyo.

Vuto lenileni, limene anthu ambiri salidziwa mpaka litawawonongera mapepala, ndi lakuti mapulinta samva chinenero chimodzi. Ena amamva PostScript, chinenero chofotokozera maonekedwe a tsamba chimene kampani ya Adobe inakonza, pamene ena amamva PCL ya kampani ya HP, ndipo pulogalamu yotchedwa driver ndiyo imamasulira chikalata kuti pulinta yakeyake ichimve. Kawirikawiri CUPS imasunga chikalata chisanamasuliridwe n'kuchimasulira panthawi yochitumiza, n'chifukwa chake kusamutsa kumayenda bwino ngakhale mapulintawo akhale a mitundu yosiyana. Koma ngati chikalatacho chinafika pamzere chitamasuliridwa kale, pulinta yachiwiri ikhoza kulavula masamba ambirimbiri okhala ndi mzere umodzi wa zizindikiro zosawerengeka pamwamba, kwinako kuli mbee, mpaka mapepala kutha.

Pa Windows njira yake ndi yosiyana, chifukwa munthu sasamutsa chikalata chimodzichimodzi, koma amasintha port, kutanthauza adiresi imene mzerewo umatumizako zikalata, kuti iloze ku pulinta ina. Zonse zimene zinali kudikira zimatsatira adiresi yatsopanoyo, ndipo pulinta yolandirayo iyenera kukhala yomva driver yemweyo. Ndondomeko ya IPP Everywhere yachepetsa vutoli, popeza mapulinta oitsatira amalandira mitundu ya mafayilo yogwirizana ndipo safuna driver wapadera.

Mbali imene iyenera kusamalidwa kwambiri ndi ya chinsinsi, pakuti mzere wonse ukasamutsidwa eni ake osauzidwa, mapepala a malipiro a antchito kapena zotsatira za odwala zikhoza kutulukira m'chipinda china n'kukhala poyera kwa aliyense wodutsa, mwini wake akudikirira pa pulinta yakufa. Choipanso n'chakuti iye amalamula kachiwiri ndi kachitatu poganiza kuti lamulo lake silinamveke, motero makope a chikalata chachinsinsicho amachuluka kumene sakuwaona. Pofuna kupewa zimenezi, mabungwe ena amasunga zikalata pa seva mpaka mwini wake atafika pa pulinta iliyonse imene wasankha ndi kudzizindikiritsa ndi khadi kapena nambala yachinsinsi, ndipo apo m'pamene chikalatacho chimasindikizidwa.