Ulendo wa ku China: Kale Unali Mlandu, Lero ndi Geni

Lowani m'shopu ya zida zamagetsi ku Limbe, mufunse kuti eni ake ali kuti. Mnyamata wa pakauntala akuyankhani uku akuwerenga chenji: "Abwana apita ku China, abwera sabata yamawa. Ndikuthandizeni ine, achimwene." Amanena ngati abwanawo angopita pa Lunzu kukagula tomato. Palibe wotembenuka, palibe wotsitsa mawu. Mawu omwewa mukanawalankhula mokweza pa Victoria Avenue m'chaka cha 1975, amene munaima nawo akanamwazikana, aliyense njira yake, kuopa kudzatchulidwa kuti anamva nawo.

Mantha amenewo anayamba dziko lisanathe miyezi itatu lili pa ufulu wodzilamulira. Mu 1964 kazembe wa China ku Dar es Salaam analonjeza thandizo la mapaundi 18 miliyoni ngati Malawi angapange ubale ndi boma la Beijing. Kanyama Chiume, amene anali nduna yoona zakunja, pamodzi ndi anzake ankafuna kuti ndalamazo zilandiridwe. Dr Kamuzu Banda anakana kwamtuwagalu. Panalinso madandaulo ena, monga tiki imene odwala anayamba kulipira kuchipatala ndi kuchedwa kopereka maudindo kwa Amalawi, koma nkhani ya China ndi imene inapatsa Kamuzu ndodo yokwapulira ndunazo. Mu September chaka chomwecho Chiume, Orton Chirwa, Augustine Bwanausi ndi Rose Chibambo anachotsedwa, ndipo Yatuta Chisiza, Willie Chokani ndi Henry Chipembere anatula pansi maudindo. Kuyambira pamenepo onsewa anatchedwa zigawenga, ndipo mu 1966 Malawi anagwirana chanza ndi Taiwan.

Kwa zaka pafupifupi 30 zotsatira, Beijing, Moscow ndi Havana anali mayina a kunong'ona. Ngakhale Dar es Salaam, pakhomo pomwepa, inkanunkha ukazitape chifukwa kunkakhala nduna zothawa. Pasipoti inali chisomo cha boma, ndipo boma lomwelo linkatha kuilanda. Wokayikiridwa kuti wayenda ndi achikomyunizimu ankatha kutsekeredwa ku Mikuyu popanda kuonekera kukhoti, katundu wake n'kulandidwa ndi lamulo la Forfeiture Act la 1966. Attati Mpakati, amene anaphunzira ku Moscow n'kudzatsogolera gulu lotsutsa boma la LESOMA, anavulazidwa manja ndi bomba la m'kalata mu 1979, kenaka anaphedwa ku Harare mu 1983. Makolo ankadziwa nkhani zoterezi, n'chifukwa chake mwana akatchula za sukulu ya kumayiko amenewo ankamutseka pakamwa msanga.

Njira imene inali yotseguka inali ya kummwera. Dzina la depoti ya Wenela likutikumbutsabe za anyamata zikwizikwi amene ankalembedwa kupita kumigodi ya ku Joni. Mmalawi ankaloledwa kukagulitsa mphamvu zake pansi pa nthaka ya dziko la tsankho, koma kukaona kumene katundu amapangidwa n'kudzigulira yekha, ayi. Kuno kumudzi tinkagula zimene tapatsidwa: wailesi ya Nzeru, nsapato za Bata, nsalu za David Whitehead, ndi za m'mashelefu a Kandodo, PTC ndi masitolo a amwenye. Kuitanitsa katundu kunja kunali kwa makampani akuluakulu ndi mabanja ochepa. Ife enafe tinali ogula, kapena opikula pang'ono n'kukagulitsa kumsika.

Kenaka kunacha. Pa 14 June 1993 Amalawi anavotera nyali, kufuna zipani zambiri, ndipo pasanapite nthawi boma linakhululukira onse amene anathawira kunja. Chiume yemwe uja anabwerera kwawo mu 1994. Malamulo atsopano a dziko, m'gawo 39, anapatsa munthu aliyense ufulu wotuluka m'dziko ndi kubwereranso. Oyamba kuugwiritsa ntchito mwamphamvu anali amayi. Anakwera mabasi kudutsa pa Songwe mpaka kumsika wa Kariakoo ku Dar es Salaam, ena ku Johannesburg, olimba mtima mpaka ku Dubai, n'kumabwera ndi zikwama zotupa zimene zinkafuna anyamata awiri kuti azitsitse.

Chitseko cha China chenichenicho chinatseguka pa 28 December 2007, pamene boma la Bingu wa Mutharika linasainirana ubale ndi Beijing n'kusiyana ndi Taiwan. Joyce Banda, monga nduna yoona zakunja, analengeza nkhaniyi mu January 2008, ndipo China inatsegula ofesi ya kazembe wake ku Lilongwe. Dziko limene kulitchula kunachotsetsa nduna pampando ndi lomwe linadzamanga Nyumba ya Malamulo imene nduna za lero zimakhalamo, msewu wa Karonga–Chitipa, bwalo la masewero la Bingu, ndi yunivesite ya MUST ku Thyolo. Tisaiwale kuthokoza Taiwan, imene inatisiyira chipatala chachikulu cha Mzuzu.

Koma ine chimene chimandisangalatsa kwambiri si zinyumbazo. Ndi mayi wa ku Bangwe kapena ku Chilomoni amene anayamba ndi belo limodzi la kaunjika, n'kumasonkha ku banki mkhonde, mpaka tsiku lina ali pa Chileka, pasipoti m'manja, chitenje paphewa poopa kuzizira kwa m'ndege. Amakwera ya Ethiopian Airlines, kusintha ku Addis Ababa, n'kukatera ku Guangzhou. Kumeneko, m'dera la Xiaobei kumene Aafirika amachuluka, Chitchaina sachidziwa, wogulitsayo Chichewa sachidziwa, koma malonda amatheka. Wogulitsa amalemba mtengo pa kakyuleta, mayiyo amapukusa mutu, amafufuta n'kulemba wake, kakyuleta n'kumapita uku ndi uku mpaka onse aseke. Luso lonenerera limene analiphunzira mumsika wa Limbe limagwira ntchito bwinobwino kutsidya la nyanja. Akamaliza amagawana kontena ndi anzake, katundu n'kudzera ku Beira, kudutsa Tete, kulowa pa Mwanza. Msonkho ukaperekedwa, foni zimayamba kulira: "Asisi, katundu uja wafika? Mundisungire madiresi awiri, ndikupatsani pakutha pa mwezi." Mayi ameneyu sanapemphe chilolezo kwa tcheyamani wa chipani aliyense. Ine ndikamuona mtima wanga umadumpha.

Zotsatira zake zili paliponse. Foni za Itel ndi Tecno zafika m'manja mwa agogo a ku Ndirande amene lamya ankangoiona ku positi ofesi. Njinga zamoto za kabaza zikukwera mitunda ya ku Mbayani ndi Machinjiri, zikudyetsa mabanja a achinyamata amene akanangokhala. Timasola tili pamadenga, matailosi ali pansi m'nyumba za aphunzitsi ndi anamwino. Ana athu akupita kukaphunzira udokotala ndi uinjiniya m'mayunivesite a ku China, makolo n'kuwaperekeza pabwalo la ndege ndi nthungululu, zithunzi n'kuzimwaza pa WhatsApp kuti mudzi wonse uone. Zaka 40 zapitazo chithunzi choterocho chikanakhala umboni wa apolisi.

Zodandaula zilipo, sindikana. Madola akusowa m'mabanki, ndipo kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 kunadya mipamba ya amalonda ambiri. Katundu wina ndi wosalimba, mpaka mawu oti "zachaina" anasanduka chitonzo. Eni mashopu ena akulira kuti Matchaina abwera okha kudzagulitsa zomwezo khomo loyandikana. Koma madandaulo amenewa timawanena poyera, pa wailesi, m'minibasi ya Limbe–Blantyre, ndipo madzulo aliyense amakagona kunyumba kwake.

Kwa inu amene mukunyamuka ulendo ukubwerawu, pempho langa ndi limodzi. Kontenayo musaidzaze ndi madiresi ndi nsapato zokha. Siyanimo malo a makina osokera, oumbira njerwa ndi oyengera mafuta a mpendadzuwa, kuti ku Makata ndi ku Chirimba kuyambenso kumveka phokoso la ntchito. Muyende bwino, mukatipezenso.