Za Kupeza ndi Kusunga Anamwino

Kuphunzitsa namwino kumatenga zaka zitatu kapena zinayi, ndipo akachoka, malo ake sadzazidwa msanga. Izi tidaziona m'Malawi muno cha m'ma 2000, pamene anamwino ambiri ozolowera ntchito adapita ku Britain kukafuna malipiro okwanira, nasiya zipatala zitadzaza ndi odwala Edzi.

Mu 2004 Boma lidakonza dongosolo lapadera, mothandizidwa ndi Britain ndi Global Fund. Kuyambira 2005 malipiro adaonjezedwa ndi K52 pa K100 iliyonse, ndipo sukulu za unamwino zidayamba kulandira ophunzira ochuluka. Mwa sukuluzi munali za Eklezia wathu, monga za ku Nguludi, Phalombe, Muona ndi St John's ku Mzuzu.

Komabe kulemba munthu ntchito ndi kwapafupi kuposa kumsunga kumudzi. Namwino wotumizidwa kutali amafunsa za nyumba, madzi, sukulu ya ana ake, ndiponso ngati adzapeza mankhwala opatsa odwala. Ife ansembe timafulumira kumlalikira za kudzipereka tisanaone denga lake lodontha. Ndiponso si onse ochoka amene adaoloka nyanja. Ena adangolowa m'mabungwe a m'tauni olipira bwino, kumene namwino amalemba malipoti m'malo mosamala odwala.