Chiwerengero Chochepa cha Milandu pa Koleji Sichitanthauza Mtendere

Chaka chilichonse achinyamata amene akhoza Giredi 12 pa Mfuwe Day Secondary ndi m'masukulu ena a m'boma la Mambwe amakwera basi kupita ku Chipata, ku Lusaka kapena ku Kitwe kukayamba maphunziro apamwamba. Makolo awo, amene fizi amaipeza pogulitsa thonje ndi mpunga kapena pogwira ntchito m'malo ogona alendo odzaona nyama ku South Luangwa, amafuna kudziwa ngati mwanayo akakhale motetezeka. Yankho nthawi zambiri limabwera ngati nambala yomveka pa wailesi kapena yofalikira pa WhatsApp: milandu yakutiyakuti yachitika pa koleji yakuti. Nambala yotereyi imafunika kuifunsa mafunso tisanaikhulupirire, chifukwa zolembedwa ku polisi kapena ku ofesi ya koleji zimawerenga anthu amene adapita kukadandaula, osati onse amene adachitiridwa zoipa. Kholo losazindikira zimenezi likhoza kukana malo abwino n'kutumiza mwana kumene ophunzira angozolowera kukhala chete.

Anthu a kwa Kakumbi, kwa Nsefu ndi kwa Mnkhanya mfundo imeneyi amaidziwa kale. Njovu zikalowa m'minda usiku, si mlimi aliyense amene amayenda mtunda kukanena kwa oyang'anira nyama zakutchire, choncho buku la ku ofesi limaonetsa minda yochepa poyerekeza ndi imene idadyedwa. Pa nkhanza zochitika pakati pa anthu, mpatawu ndi waukulu koposa, chifukwa pamalowanso manyazi ndi mantha. Kafukufuku wa Zambia Demographic and Health Survey wa 2018, amene adafunsa anthu m'makomo mwawo, adapeza kuti amayi 36 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 adachitiridwapo nkhanza zovulaza thupi kuyambira ali ndi zaka 15, ndipo 14 mwa 100 adachitiridwapo nkhanza zokhudza kugonana. Mwa ochitiridwa nkhanzawo, oposa theka sadapemphe thandizo kulikonse, ngakhale kuuza munthu. Amene adapempha, ambiri adathamangira kwa abale. Wapolisi wolemba m'kaundula amaona kachigawo kochepa ka zimene zikuchitika.

Ku United States, kumene nkhani ya ophunzira a m'makoleji idafufuzidwa kwa zaka zambiri, umboni ukuloza komweko. Wophunzira wina, Jeanne Clery, ataphedwa m'chipinda chake pa Lehigh University mu 1986, lamulo la mu 1990 lidakakamiza makoleji olandira ndalama za boma kulengeza milandu yochitika pamalo awo chaka ndi chaka. Komabe dzikolo lilinso ndi kafukufuku wofunsa anthu mwachindunji, amene adayamba m'zaka za m'ma 1970. Lipoti la 2014 la Bureau of Justice Statistics, lounika zotsatira za kafukufukuyu za zaka za 1995 mpaka 2013, lidaonetsa kuti milandu 80 mwa 100 ya kugwiriridwa ndi nkhanza zokhudza kugonana zochitikira ophunzira aakazi a zaka 18 mpaka 24 sidafike ku polisi. Ngati zili tero kumene lamulo limakakamiza kulengeza, munthu wanzeru sangayese kaundula wa koleji iliyonse kukhala chithunzi chathunthu.

Ndiye tikamva nambala, funso loyamba likhale lakuti: mwa anthu angati? Tiyerekeze kuti pa koleji ya ophunzira 500 aberedwa 20, pamene pa yunivesite ya ophunzira 20,000 aberedwa 200. Nambala yachiwiri ndiyo yoopsa m'makutu, koma poyambapo oberedwa ndi 4 mwa 100 alionse, pamene pachiwiripo ndi mmodzi yekha. Tichenjerenso ndi maperesenti a manambala ang'onoang'ono: milandu ikachoka pa iwiri kufika pa inayi, wolemba nkhani akhoza kunena kuti yakwera ndi 100 peresenti, ndipo sananame, koma kusintha kotere kutha kuchitika mwangozi chabe. Funso lachiwiri n'lakuti awerenga milandu yanji, yochitikira kuti. Kuberedwa foni ndi kugwiriridwa zikaphatikizidwa m'nambala imodzi, kuba kumaphimba zinazo chifukwa n'kochuluka ndipo n'kosavuta kukanena. Komanso ophunzira ambiri a University of Zambia amachita lendi m'madera oyandikana nayo monga Kalingalinga chifukwa malo ogona pasukulupo ndi ochepa, ndipo chimene chachitikira wophunzira pa njira yobwerera kunyumba usiku sichingalowe m'buku lowerenga za mkati mwa mpanda zokha. Lachitatu, awerenga anthu kapena milandu? Mtsikana mmodzi wovutitsidwa kakhumi ndi chibwenzi chake ndi munthu mmodzi koma milandu khumi, ndipo avereji ikagawa milanduyo kwa ophunzira onse, iyeyo amasowa m'chiwerengerocho.

Pachifukwa chomwechi, kukwera kwa nambala si nthawi zonse pamene kumasonyeza kuti zinthu zaipa. Apolisi a Zambia ali ndi nthambi yothandiza ochitiridwa nkhanza ya Victim Support Unit kuyambira m'zaka za m'ma 1990, ndipo mu 2011 dziko lidakhazikitsa lamulo lothana ndi nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi. Njira zodandaulira zikatseguka, ndipo odandaula akaona kuti akumvedwa, madandaulo amachuluka ngakhale nkhanzazo zisanawonjezeke. Koleji yolengeza milandu khumi ikhoza kukhala imene ophunzira amaikhulupirira, pamene yolengeza ziro ikhoza kukhala imene wodandaula amaopa kunyozedwa kapena kulepheretsedwa mayeso.

Wina atha kunena kuti ngati zili choncho, ziwerengero n'zachabechabe, ndi bwino kungomvera zimene anthu akukamba. Koma mphekesera zimakokomeza mlandu umodzi woopsa n'kuiwala ambiri osamveka, ndipo palibe njira yoziyesera. Chiwerengero, ngakhale chili chopunduka, chimanena kumene chachokera, ndipo tikhoza kuchifananitsa ndi china. N'zoona kuti kafukufuku wofunsa anthu alinso ndi zofooka zake: ena amaiwala, ena amabisa, ndipo ngati ayankha ndi okhawo amene adafuna, zotsatira zimapendekeka. Mankhwala ake ndi kufunsa kuti adafunsidwa ndi angati, adasankhidwa bwanji, ndiponso funso lidali lotani, kenaka kuika zotsatirazo pambali pa kaundula wa apolisi. Mpata wa pakati pa ziwirizo ndiwo umaonetsa kukula kwa zobisika.

Chotsutsa cholemera kwambiri n'chakuti kukamba zimenezi kungaopseze makolo mpaka kuletsa atsikana kupita ku koleji. Apa ziwerengero zowerengedwa bwino zili kumbali ya mtsikana. Lipoti la ku United States lija lidapeza kuti atsikana a msinkhu womwewo amene sadali pa koleji amachitiridwa nkhanzazo mochulukirapo, 7.6 mwa 1,000 alionse poyerekeza ndi 6.1 mwa ophunzira. Ziwerengero za dziko lina sitingazikhuthulire pa Zambia, koma kafukufuku wa 2018 uja adaonetsanso kuti amayi okwatiwa amene adamenyedwapo, ambiri adatchula amuna awo omwe. Kumusunga mtsikana kumudzi ndi kumukwatitsa msanga sikumuchotsa pangozi, kumangomulanda maphunziro.

Choncho makoleji athu ayenera kufunsa ophunzira awo chaka ndi chaka, mosatchula mayina, n'kulengeza zotsatira pamodzi ndi chiwerengero cha ofunsidwa, mtundu wa mlandu ndi malo. Kholo la ku Jumbe kapena ku Msoro nalo lili ndi ufulu wofunsa ku ofesi kuti mwana akalakwiridwa amakanena kwa yani, ndi angati adanena chaka chatha, ndipo zidatha bwanji. Koleji yoyankha mafunso amenewa mosabisa ndiyo yoyenera kuipatsa mwana.