Muyeso wa Ntchito ya Wasayansi: Nkhani ya César Milstein

Mwana akatentha thupi napita naye kuchipatala, wazaumoyo amamubaya pang'ono pachala ndi kudontheza magazi pa kachipangizo koyera kosaposa chalacho kutalika. Pakapita mphindi 15 kapena 20, timizere tiwiri tikaoneka, ndiye kuti mwanayo ali ndi malungo. Kayezedwe kotere kanafalikira m'zipatala za boma m'Malawi m'chaka cha 2011. Pa kachipangizoko sipalembedwa dzina la munthu amene nzeru zake zinalambula njira yokapangira. Munthuyo anali César Milstein, katswiri wa za chitetezo cha m'thupi, ndipo mbiri yake ikuthandiza kuyankha funso limene limavuta anthu ophunzira: kodi ntchito ya wasayansi imayezedwa ndi muyeso wanji?

Akachenjede ali ndi miyeso iwiri imene amaikhulupirira kwambiri. Woyamba ndi kuchuluka kwa malipoti a kafukufuku amene munthu wasindikiza m'magazini a sayansi. Wachiwiri ndi kutchulidwa. Mwambo wa sayansi umati wolemba aliyense atchule kumapeto kwa lipoti lake malipoti onse a anzake amene iye watapamo nzeru, monga mmene wofotokoza mbiri ya mudzi amatchulira akuluakulu amene anamuuza. Tsono lipoti lotchulidwa kawirikawiri limaoneka kuti lathandiza anthu ambiri.

Amene anayambitsa kuwerengera kotereku ndi Eugene Garfield wa ku America. Iye anapereka ganizoli m'chaka cha 1955, ndipo mu 1964 anatulutsa kaundula wotchedwa Science Citation Index, wosonyeza amene watchula mnzake. Mu 2005 Jorge Hirsch anawonjezapo nambala yotchedwa h-index: munthu akakhala ndi 20, ndiye kuti ali ndi malipoti 20 amene lililonse latchulidwa kosachepera ka 20. M'masukulu ambiri a ukachenjede manambala amenewa ndiwo amayang'anidwa polemba munthu ntchito, pomukweza paudindo ndi pomupatsa ndalama za kafukufuku. Motero nkhaniyi ikukhudza mphika wa nsima wa anthu ambiri ophunzira.

Milstein anabadwa mu 1927 mu mzinda wa Bahía Blanca m'dziko la Argentina. Bambo ake anali Myuda wochokera ku Ukraine ndipo mayi ake anali mphunzitsi. Atatsiriza maphunziro ku Buenos Aires, anapita ku Cambridge ku Mangalande mu 1958, komwe anadziwana ndi Fred Sanger, katswiri wa za mapuloteni. Anabwerera kwawo mu 1961 kuti akatumikire dziko lake, koma asilikali atagwetsa boma mu 1962, mkulu wa malo amene ankagwirako ntchito pamodzi ndi anzake ena anachotsedwa. Milstein anatula pansi udindo nabwerera ku Cambridge mu 1963. Kumeneko Sanger anamulangiza kuti ayambe kufufuza za ma-antibody.

Ma-antibody ndi mapuloteni amene thupi limapanga kuti agwire tizilombo toyambitsa matenda. Iliyonse imagwira mdani wa mtundu umodzi wokha, monga mmene kiyi amatsegulira loko wake yekha. Thupi limatha kupanga mitundu miyandamiyanda ya makiyi amenewa, ngakhale oyenera adani amene silinakumanepo nawo. Funso la Milstein linali lakuti: kodi thupi limatha bwanji zimenezi? Vuto linali lakuti m'magazi makiyiwo ndi osakanikirana ngati mchenga, ndipo selo lopanga mtundu umodzi likachotsedwa m'thupi limafa pakangopita masiku ochepa. Kwa zaka zoposa khumi iye analimbana ndi funsoli, nasindikiza malipoti amene ankawerengedwa makamaka ndi akatswiri anzake a m'nthambi yomweyo.

Paja akuluakulu anati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Mu 1974 kunafika mnyamata wa ku Germany, Georges Köhler, wochokera ku malo ofufuzira za chitetezo cha m'thupi a ku Basel. Iye ndi Milstein anabaya mbewa za mu labotale ndi maselo ofiira a magazi a nkhosa, kuti matupi a mbewazo apange ma-antibody olimbana nawo. Kenaka anatenga maselo a m'kapamba wa mbewazo nawalumikiza ndi maselo a khansa yotchedwa myeloma, amene amaswana kosalekeza m'mbale za mu labotale. Selo lobadwa pa chilumikizanocho linatengera kuwiri: kwa kapamba linatengera luso lopanga antibody yofunidwayo, ndipo kwa khansa linatengera kusafa. Kwa nthawi yoyamba anthu anatha kukolola antibody ya mtundu umodzi, yodziwika mdani wake, mochuluka mmene angafunire.

Lipoti la zimenezi linatuluka m'magazini ya Nature m'mwezi wa August mu 1975, ndipo linali la masamba atatu okha. Kumapeto kwake olembawo anangonena mwachidule kuti maselo oterewa angadzakhale aphindu kuchipatala ndi m'mafakitale. Bungwe la boma la Britain loona za umwini wa zotulukiridwa silinaone phindu lamsanga, choncho silinalembetse umwini wa njirayi, ndipo pambuyo pake nkhaniyi inautsa mkangano waukulu m'dzikomo. Milstein mwini wake ankatumiza maselo ake kwaulere kwa ofufuza a m'maiko ena amene anawapempha. Kugawa kumeneku ndiko kunafulumizitsa kufala kwa njirayi, ndipo aliyense woigwiritsa ntchito ankatchula lipoti lija. Masamba atatuwo atchulidwa koposa ka 10,000, pamene malipoti ambiri a sayansi safika ngakhale pa 100. Mu 1984 Milstein ndi Köhler analandira mphotho ya Nobel pamodzi ndi Niels Jerne.

Zipatso sizinachedwe. Mu 1986 boma la America linavomereza mankhwala oyamba a mtunduwu, othandiza kuti thupi lisakane impso yopatsidwa ndi munthu wina. Popeza thupi la munthu limadana ndi ma-antibody a mbewa, Gregory Winter wa pa labotale yomweyo ya ku Cambridge anapeza njira yowasintha kuti afanane ndi a munthu; iyenso analandira Nobel mu 2018. Mu 1998 kunavomerezedwa trastuzumab, mankhwala a mtundu wina wa khansa ya m'mawere. Tizipangizo toyezera mimba, ndi tija toyezera malungo, timadalira ma-antibody omwewa, amene amagwira puloteni imodzi yokha yofunidwayo mu mkodzo kapena m'magazi.

Pa nkhani imeneyi muyeso wa kutchulidwa unanena zoona, pakuti unasonyeza kuti lipoti limodzi lalifupi likhoza kulemera koposa mulu wa malipoti. Komabe muyesowo uli ndi malire ake. Mu 2014 magazini ya Nature itafufuza malipoti otchulidwa kwambiri m'mbiri yonse, loyamba linali la Oliver Lowry ndi anzake la mu 1951, lofotokoza kayezedwe ka mapuloteni, limene linali litatchulidwa koposa ka 300,000. Lipoti la Watson ndi Crick la mu 1953 lonena za maumbidwe a DNA silinapezeke n'komwe pa malipoti 100 oyambirira. Chifukwa chake n'chakuti njira yogwirira ntchito imatchulidwa ndi aliyense woigwiritsa ntchito, pamene nzeru yaikulu ikalowa m'mabuku a sukulu imasanduka ya aliyense, ndipo anthu amaleka kunena kumene inachokera. Wokazinga chimanga satchula amene anatulukira moto.

Nayo h-index ili ndi chilema chake. Lipoti lotchulidwa ka 10,000 limawonjeza imodzi yokha pa nambalayo, chimodzimodzi ndi lipoti wamba longokwanira pa malire. Choncho nambalayi imakondera wolemba zambiri kwa zaka zambiri, ndipo imanyenga achinyamata ena kuti aziduladula kafukufuku mmodzi kukhala malipoti anayi. Koposa zonse, kaundula amawerenga asayansi okhaokha. Namwino woyeza malungo, mayi woyeza mimba ndi wodwala khansa salemba malipoti, motero phindu limene alandira silioneka m'kaundula aliyense.

Chodabwitsa n'chakuti Milstein sanali kufunafuna mankhwala pamene ankalumikiza maselo aja. Ankafuna chida choyankhira funso lake lakale lija, ndipo atatchuka sanalitaye. M'zaka za m'ma 1980 iye ndi anzake anagwiritsa ntchito maselo omwewo posonyeza mmene malangizo opangira antibody amasinthira pang'onopang'ono m'kati mwa selo, mpaka kiyi atakwanira bwino pa loko wa mdani. Köhler anamwalira mu 1995 ali ndi zaka 48. Milstein anapuma pantchito chaka chomwecho, koma anapitirizabe kufufuza mpaka pamene anamwalira m'mwezi wa March mu 2002 ali ndi zaka 74.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mphunzitsi wodziwa ntchito yake amawerenga malikisi a mayeso, koma amadziwanso kuti malikisiwo satha kunena zonse za mwana. Wotsiriza sukulu amene akulakalaka sayansi adzakumana ndi manambala a Garfield ndi Hirsch, ndipo ayenera kuwamvetsa, pakuti adzayezedwa nawo. Koma Milstein anakhala zaka 12 pa funso limodzi asanalembe masamba atatu aja, ndipo anakhalaponso zaka zina 27 atawalemba. Kutchulidwa kunabwera pambuyo, kutsata ntchito.