Odziwa Kumene Madzi Adzadzere

Mwana akauza makolo ake kuti wasankhidwa kukaphunzira jogalafe ku yunivesite, kawirikawiri nkhope zao zimagwa, pakuti iwo ankayembekezera dokotala kapena loya, ndipo phunziroli amalikumbukira monga ntchito yoloweza maina a mitsinje ndi malikulu a maiko akutali. Komatu amene adaona matope ndi miyala zikutsetsereka m'phiri la Soche mu March 2023, pamene namondwe Freddy adakwirira nyumba za ku Chilobwe, napha anthu oposa 1,000 m'dziko muno, sanganyoze munthu wodziwa kuyang'ana chitunda ndi kuloza kumene chigumula chidzadzere, popeza akuluakulu adanena kale kuti madzi saiwala khwawa.

Ku Chirunga mumzinda wa Zomba, kumene sukulu ya Chancellor College idasamukira mu 1973, wophunzira sasowa pophunzirira. Akakweza maso aona phiri la Zomba, limene mu 1946 lidatsitsa chigumula chotchedwa Napolo. Akapenya kum'mawa aona nyanja ya Chilwa, yosaya ndi yopanda mtsinje wotulukamo, imene imamwa madzi a Likangala, Domasi ndi Phalombe, koma mvula ikachepa zaka zotsatizana dzuwa limaiphwetsa, monga zidachitikira mu 1968 ndi mu 1995, mabwato a asodzi a matemba natsala ali gone pa dothi long'aluka. Zimenezi wophunzira amaziyeza ndi manja ake: amakumba dzenje kuti aone kusanjikizana kwa nthaka, amawerenga madzi a mvula m'choyezera, kenaka nakhala pa kompyuta kufananiza zithunzi za setilaiti za zaka zosiyana, kufikira ataona poyera malo amene nkhalango idatha ndi pamene midzi yalowerera m'dambo.

Ambiri akatsiriza amakaphunzitsa m'masekondale, ntchito yolemekezeka ndithu. Ena amalowa ku nthambi yoona zanyengo kapena yoyeza malo, ndipo enanso amajambula mapu a kalembera, pakuti wowerenga anthu mu 2018 sakadadziwa polekezera dera lake pakadapanda mapuwo. Koma kumene ine ndikuwafunitsitsa nkumakhonsolo a mizinda yathu, kumene mapoloti akugawidwabe m'mphepete mwa mitsinje ndi m'matsetse a mapiri. Ndipo kumeneko sikukwanira kungowalemba ntchito, ayenera kupatsidwa mphamvu yokana poloti, ngakhale wolifunayo akhale mwini chuma kapena mbale wa amfumu.